Mamasiki a m'chipinda cha fumbi

Ana anga, matenda aja atabwera posachedwapa, aliyense n'kulamulidwa kuphimba mphuno ndi pakamwa, munandiseka. Munandipeza ndikuwiritsa mamasiki anu mumphika, iliyonse nditaisokerapo chizindikiro cha mwini wake, ndipo mmodzi wa inu anati ukalamba wayamba kundizunguza mutu. Sindinayankhe chifukwa yankho lake ndi lalitali. Ndalilemba pano kuti mudziwe nchito imene inakulerani, ndiponso mmene amalume anu a Lekisoni anafera.

Zaka zoyamba pambuyo pa Ufulu

Ndinafika ku Kafue kuchokera ku Katete ndili ndi mwana mmodzi kumsana, kutsatira atate anu amene anali atalembedwa nchito ku njanji. Tauni inali kukula tsiku ndi tsiku. Ku Estates nyumba zinali kumangidwa mizeremizere, malole a njerwa akudzutsa fumbi, ndipo pasiteshoni pankatsika anthu akwathu kum'mawa ndi masutikesi a malata, aliyense akufunsa kumene akulemba nchito. Mlongo wanga wamkulu, a Lekisoni, anali atafika kale. Iwo ankagwira pa fakitale ina ya thonje imene sindiitchula dzina, m'chipinda chomasuliramo mabelo a thonje. Anchito ankachitchula kuti chipinda cha fumbi, chifukwa munthu akatulukamo madzulo ankaoneka ngati wamera imvi pamutu ndi m'nsidze.

Ndi a Lekisoni amene anandiuza kuti kuseri kwa kiliniki ya kampani akufuna mzimayi wochapa. Ndinapita ndikuganiza kuti ndikachapa mabulangete. Ndinapeza Sista Mweemba, namwino wamtali wachitonga amene sankaseka wamba, ataimirira pafupi ndi dengu lodzaza tinsalu toyera ta zingwe. Anandiuza kuti amenewo ndi mamasiki amene amuna a m'chipinda cha fumbi amavala, ndipo asananditenge anati nditambasule manja. Anayang'ana zikhadabo zanga chimodzichimodzi.

“Izi uzajuba lelo,” anatero, kutanthauza kuti ndiziwenge. “Manje mvera, Mailesi. Iyi si nsalu chabe. Iyi ni kamwa ya munthu. Ukasokoneza, wamudyesa mata ya munzake.”

Anandiphunzitsa okha kwa mlungu wathunthu. Masiki iliyonse inali ndi nambala ya mwini wake, yosokedwa ndi ulusi wofiira pakona. Tinkayamba ndi kuikutumula panja, kenako kuiviika, kuichapa ndi sopo, kuiwiritsa mu boila yaing'ono ya malasha mpaka nthunzi itadzaza chipinda, kuiyanika padzuwa, ndi kuisita. Wogwira zakuda sankaloledwa kukhudza zoyera asanasambe m'manja mpaka m'zigongono. Mnzanga pa nchitoyo anali Bina Choolwe, mayi wa ku Chanyanya amene ankabwera panjinga ya mwamuna wake, msodzi. Ankaimba nyimbo zachitonga potikita, ndipo ndi iye amene anandiphunzitsa kupaka mafuta a nsomba m'ming'alu ya m'manja nyengo yozizira.

Chaka cha chimfine chachikulu

Ndisanathe zaka ziwiri pa nchito, kunabwera chimfine chimene wailesi inkati chazungulira maiko ambiri. Chinalowa m'makomboni ngati mphepo. Masukulu anachepa ana, kutchalitchi abusa ankalalikira pakati pa anthu otsokomola, ndipo nkhalamba zingapo za ku komboni ya Nangongwe zinapita. Sista Mweemba anakalankhula ndi akuluakulu a kampani mpaka anawalola kuika mabeseni a madzi ndi sopo pageti. Aliyense ankasamba m'manja polowa ndi potuluka. Anachotsa kapu imodzi ija imene amuna onse ankamwera pampopi, nalamula kuti aliyense azibwera ndi yake. Wotsokomola ankabwezedwa kunyumba. Ife tinkawiritsa mamasiki kawiri pa tsiku, ndipo ngakhale akalaliki a mu ofesi anayamba kubwera kudzapempha awo.

Manja anga anasupuka mwezi umenewo, koma sindinadandaule. Anthu a pa fakitale yathu anadwala, inde, koma sitinaike m'manda ngakhale mmodzi. Amuna amene kale ankatidutsa ngati mitengo anayamba kutipatsa moni pawaya woyanikira. Ndinkayenda ku Estates mutu uli m'mwamba. Ndinkakhulupirira kuti dziko latsopanoli lidzaona nchito ya munthu wamng'ono ngati ine. Ndinali mwana.

Chaka chotsatira atate anu anapanidwa mwendo pakati pa mabogi a sitima, ndipo nchito ya ku njanji inatha pamodzi ndi nyumba yake. Masiku amenewo nyumba ya kampani sinkapatsidwa kwa mzimayi. Sista Mweemba anapita ku ofesi katatu, ndipo ulendo wachitatu anabwera ndi makiyi a kanyumba ka zipinda ziwiri ku Estates, ka mpopi pakhomo ndi magetsi. Akuluakulu inu mukukakumbukira. Munaphunzira kuwerenga pansi pa babu ya m'nyumba imeneyo.

Malire atatsekedwa

Malire a kumwera atatsekedwa, katundu anayamba kusowa. Sopo, mchere, mafuta ophikira, zonse zinali za pamzere, ndipo nthawi zina unkaima kuyambira m'mawa n'kumva kuti zatha watsala pang'ono kufika pakhomo la sitolo. M'nyengo yomweyo Sista Mweemba anasamutsidwa kupita ku Migodi. Kiliniki inatsala ndi wothandizira amene ankangogawa mapilitsi, ndipo ife ochapa tinaikidwa pansi pa ba Chanda, mkulu wa nyumba yosungiramo katundu. Anali munthu waukhondo pathupi, wa tayi ndi nsapato zonyezimira, wodziwa kupereka moni kwa aliyense. Sindinawamvepo akukalipa. Zoipa zonse zimene anandichitira anazichita akumwetulira.

Poyamba anachepetsa sopo. Kenako anati malasha onse azipita ku boila yaikulu ya makina, yathu izime kaye. Mamasiki akale atayamba kung'ambika, atsopano sanabwere, ngakhale kuti tinali pa fakitale ya thonje. Posakhalitsa mamasiki anachepa kuposa anthu. Tsiku lina m'mawa ba Chanda anabwera ndi dilamu lodulidwa pakati, nauza amuna awiri kuti aliike pafupi ndi mpopi.

“Muli shani, bamayo?” anatero. “Kuyambira lelo muziika yonse umu, manzi yozizira, kufinya, kuyanika. Ya shifiti ya kuseni izivalidwa na ba shifiti ya mumazulo.”

“Nanga manambala, ba Chanda?” ndinafunsa.

“Manambala siyani. Aliyense azitenga yamene yauma.”

Ndinawauza kuti m'chipinda cha fumbi muli amuna atatu amene akutsokomola chifuwa chosatha, ndipo mmodzi ndinaona ndi maso anga timadontho ta magazi pa masiki yake. Ndinapempha kuti atilole kusonkha moto wa nkhuni kuseri kuti tiziwiritsa. Anagwedeza mutu mwachifundo.

“Moto pafupi na thonje? Mufuna kushoka fakitale? Ni vya kanthawi chabe, bamayo. Ndipo ivi ni vya muno mu ofesi, osati vya pa geti. Imwe muli na nyumba yabwino ku Estates. Ba shikulu ba kunyumba bali bwanji na mwendo?”

Ndinamva chimene ankatanthauza. Ndinawayankha kuti atate anu ali bwino, zikomo.

Ndinakhala chete miyezi iwiri. Ndikulemba zimenezi poyera chifukwa ena amene amakamba nkhaniyi amandisandutsa munthu wolimba mtima kuyambira pachiyambi, ndipo si zoona. Kwa miyezi iwiri ndinkaviika mamasiki m'madzi amene ankasanduka otuwa ndi oterera, ndinkawasita bwinobwino kuti aoneke oyera, ndi kuwapereka pawindo kwa amuna amene ankati zikomo amayi. Tinayesa phulusa m'malo mwa sopo, koma linkawayabwa kumaso. Bina Choolwe anasiya kuimba. Ndipo ine ndinachita chinthu chimene chimandichititsabe manyazi. Ndinapatula mamasiki awiri abwino, ndinkawabisa m'chitenje popita kunyumba, kuwawiritsa pa mbaula yanga, ndi kuwapatsa a Lekisoni okha pakona ya msewu tisanafike pageti. Ndinkawauza kuti awa ndi ofewa, ndawasankhira.

Amalume anu sanali opusa. Lamlungu lina titachoka kutchalitchi anabwera kunyumba, nakhala pa mpando wa pakhonde, nandiitana ndi dzina laubwana.

“Maile, n'chifukwa chiyani yanga imanunkha utsi wa mbaula, pamene ya anzanga imanunkha ngati chithaphwi?”

Ndinayesa kuseka, koma sanaseke nane. Ndinawauza zonse. Kenako anatchula dzina la mnzawo wina, mnyamata wa ku Petauke amene ankagwira naye pa makina amodzi, amene mlungu umenewo anali atagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa chachikulu. Anali ndi mkazi woyembekezera.

“Uja analowa nchito ali wamphamvu,” anatero. “Ndiye iwe ukupulumutsa mlongo wako yekha, ana a eni ake azifa?”

“Nanga ndichite chiyani, achimwene? Ndikalankhula atichotsa m'nyumba. Alamu anu ayenda bwanji ndi mwendo uja?”

“Sindikukuuza chochita. Koma ya kumbaula ija usandipatsenso.”

Madzulo ake ndinawafotokozera atate anu. Anamvetsera ali chigonere pamphasa, mwendo uli pa pilo, ndipo anangoti, “Nyumba ndi ya dzina lako. Chimene usankhe, tidzasamuka tonse kapena tidzakhala tonse.” Ndikanakonda akanandiletsa. Zikanandipepukira.

Lachitatu la mlungu womwewo

Pa nthawi ya chakudya cha masana amuna a m'chipinda cha fumbi ankakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi geti. Bina Choolwe anandigwira dzanja pakhomo la chipinda chochapira, nati, “Mwanakwesu, ganiza bana.” Ndinamuuza kuti ndaganiza mpaka mutu wauma. Ndinatunga madzi a m'dilamu lija mu ndowa, ndinaisenza, ndinakaitula pakati pawo. Ndinawauza kuti boila inazima miyezi iwiri yapitayo, kuti sopo kulibe, kuti masiki imene munthu wavala lero inali pakamwa pa wina dzulo, ndipo madzi amene imachapidwamo ndi awa. Mmodzi anaviika chala mu ndowa, nanunkhiza, nalavula.

Chimene ndinkafuna chinali chakuti apite ku ofesi akapemphe malasha ndi sopo. Sizinayende choncho. Mwamuna wina anavula masiki imene inali m'khosi mwake naiponya pansi. Wachiwiri anachita chimodzimodzi, ndipo posakhalitsa panali mulu. Belu litalira analowa m'chipinda cha fumbi nkhope zili poyera. Ndinawathamangira ndikufuula kuti fumbi nalo limapha, kuti angotenga mamasikiwo akawiritse okha kunyumba. Wina anatembenuka nati, “Imwe mayo, miyezi ibili mwenze kutipasa dothi mukuseka. Manje timvere imwe futi?”

Nkhani inafika ku Lusaka, ndipo patapita masiku ochepa kunabwera mkulu woyendera mafakitale. M'mawa wa tsikulo ndinapeza boila yathu ikuyaka. Pashelefu panali mipiringidzo ya sopo imene sindinaionepo chiyambire chaka, pawaya pali mamasiki atsopano, manambala ofiira ali pakona. Dilamu lija linali litasowa. Sopo ameneyo anali m'nyumba ya katundu nthawi yonseyi kapena anamugula usiku umodzi, sindinadziwe mpaka lero. Mlendoyo anaona zimene anamuonetsa. Anafunsa Bina Choolwe ngati kunali vuto, ndipo iye, maso ali pansi, anati kulibe. Sindinamusungire chakukhosi nthawi yaitali. Anali ndi ana asanu ndi awiri, ndipo nsomba zinali zitachepa chaka chimenecho.

Ine akuluakulu a kampani anandiitana mu ofesi. Ba Chanda anafotokoza mofatsa kuti ndine mzimayi wolimbikira nchito, koma mavuto a kunyumba andisokoneza maganizo, ndipo iwo sakufuna kuti ndichotsedwe. Anandichitira chifundo chotere: anandisamutsira ku gulu losesa ndi kutsuka zimbudzi. Nchito imeneyo inali ya giredi yotsika, ndipo a giredi imeneyo sankapatsidwa nyumba. Anatipatsa mwezi umodzi. Tinasamukira ku Nangongwe pa ngolo yobwereka, atate anu atakhala pamwamba pa matiresi atagwira ndodo zawo, anthu a mumsewu wathu akuonerera m'mawindo. Palibe mmodzi mwa amuna a pansi pa mango uja amene anabwera kudzanyamula ngakhale mpando, kupatula a Lekisoni.

Zaka zotsatira

Ndinatsuka zimbudzi za pa fakitale imeneyo mpaka pamene inayamba kuchepetsa anthu, ine n'kukhala m'gulu loyamba kupumitsidwa. Ndinkazitsuka bwino. Boila ya kochapira inayaka miyezi ingapo, kenako inazimanso, ndipo ulendo uno panalibe wokamba. Ba Chanda anakwezedwa kawiri. Atapuma anagula famu kufupi ndi msewu wa ku Lusaka, ndipo tikakumana pamsika ankavula chipewa, n'kundifunsa za ana mmodzimmodzi ndi maina awo.

Chimene chinandiwawa koposa si nyumba. Amuna a m'chipinda cha fumbi sanakhulupirirenso masiki. Ngakhale pa miyezi imene inkawiritsidwa bwino, ambiri ankaiika m'thumba, kapena kuimanga m'khosi kuti kapitawo asawalembe. Anyamata atsopano akalowa nchito, akale ankawauza kuti tinsaluto timapatsa chifuwa chachikulu, ndipo umboni wake unali dzina langa. Ndinkaima pakhomo la zimbudzi ndi tsache, kuwachonderera mmodzimmodzi kuti atenge masiki yawo, aisokere chizindikiro, akazi awo aziiwiritsa kunyumba. Ena anamva. Ambiri ankangoseka n'kunena kuti amayi a ndowa ayambanso.

A Lekisoni nawo anasiya kuvala. Ndinawasokera anayi ndi nsalu yanga, ndinawapititsira kunyumba kwawo, koma akazi awo, alamu anga, anandiuza kuti ali m'sutikesi. Nditawafunsa anati sangakhale yekha wophimba nkhope pakati pa anzawo, ngati kuti mlongo wawo akuwakonderanso. Anagwira m'chipinda chimenecho zaka zina zambiri. Chifuwa chinayamba ngati kubanika Lolemba lililonse akabwerera ku nchito, kenako masiku onse. Kuchipatala anawayeza nati si chifuwa chachikulu, ndi fumbi la thonje limene lakhazikika m'mapapo, ndipo mankhwala ochotsa kulibe. Munthu amene ankanyamula belo ndi mnzake mmodzi anafika polephera kuwoloka msewu osapuma.

Miyezi yawo yomaliza anakhala kwathu ku Nangongwe, chifukwa alamu anga anali atatopa ndipo kwathu kunali pafupi ndi kiliniki. Sankatha kugona chagada. Tinkawakhazika pampando pakhonde, atatsamira mapilo, kumene kunkapita kamphepo. Tsiku lina masana ndikuwapukuta kumaso ndi kansalu konyowa, ndinawafunsa funso limene ndinalisunga zaka zonsezo.

“Achimwene, kodi ndinalakwa kupita pansi pa mango paja?”

Anatenga nthawi kuti apeze mpweya. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ayi, chifukwa ndi iwo amene anandiyambitsa. Anandiyang'ana ndi maso ofiira aja, nayankhula mawu amodziamodzi.

“Sunalakwe, Maile. Ndine ndinakutuma.” Anatsokomola, ndinawagwira msana mpaka chinapita. Kenako anapitiriza. “Koma masiku ena ndikamalephera kupuma, ndimati bwenzi nditangokhala chete Lamlungu lija, iwe n'kumandiwiritsirabe yanga.”

Anayesa kuseka kuti ndione ngati nthabwala, koma mpweya sunawalole. Ine ndinaviikanso kansalu m'beseni, ndinafinya, ndinapitiriza kuwapukuta pamphumi. Anamwalira patapita milungu itatu, mvula yoyamba isanagwe, ndipo pa maliro awo amuna anayi a m'chipinda cha fumbi amene ananyamula bokosi anachita kulitula kawiri panjira kuti apume.